Ku yunivesite kulibe belu

Ana anga, inu amene maina anu atuluka kumene pa mndandanda wa a NCHE, ndi inu amene muli kale ku Chirunga, ku Bunda, ku Luwinga, ku Ndata kapena ku Chichiri, takhalani pansi timvane. Za kasamalidwe ka ndalama bambo anu akuuzani kale, za zibwenzi azakhali anu sanasiye mawu. Ine zanga ndi za nthawi, chifukwa ana amene ndawaona akubwerera kumudzi sukulu isanathe, ambiri sanali ofooka m'kalasi ayi. Anali ana oti zotsatira za MSCE zitatuluka, mudzi wonse unawaimbira nthungululu.

Kumbukirani mmene zinkakhalira ku sekondale, makamaka inu a sukulu zogonera komweko. Belu linkakudzutsani mbandakucha, linkakuitanani ku phala, linkakulowetsani m'kalasi, ndipo madzulo belu lomwelo linkakukhazikani pa prep, aphunzitsi akusuzumira pawindo. Amene munkayendera kuchokera kunyumba, belu lanu anali mayi anu. Tsono munkayesa kuti khama lonse lija linali lanu. Lina linalidi lanu, sindikukana, koma lalikulu linali la belu, ndipo ku yunivesite mukapeza kulibe. Lekichala amalowa, amaphunzitsa, potuluka n'kungoti asayimenti ija ndikuifuna Lachisanu pa 14, 4 koloko isanakwane. Basi. Sadzakufunsani kuti mwafika pati. Mukafuna kugona mpaka dzuwa lifike paliwombo, palibe amene adzagogode pakhomo. Sabata zoyambirira ufulu umenewu umatsekemera, ndipo zimene umakuberani simuziona pomwepo. Mumadzaziona semesita itafika pakati.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu munakhoza. Semesita ndi miyezi pafupifupi 4, kuphatikizapo nthawi ya mayeso. Sabata yoyamba ndi yachiwiri zimathera pa mizere ya kalembera, kusaka chipinda ku Chikanda kapena kwina kulikonse kumene ana a koleji yanu amachita lendi, ndi kudikira kuti a Loans Board atulutse maina. Tiyerekeze kuti muli ndi makosi 6, ndipo kosi iliyonse ili ndi maasayimenti 2 ndi mayeso a pakati amodzi. Zimenezo ndi ntchito 18. Zikadamwazikana bwinobwino, imodzi kapena ziwiri pa sabata, bwenzi palibe wolira. Koma sizimwazikana. Lekichala aliyense amayamba waphunzitsa kaye kuti apeze chofunsa, ndipo aliyense amafuna atachonga mayeso akuluakulu asanafike. Nchifukwa chake zonse zimadzaunjikana pa masabata ochepa omwewo, inu n'kumati malekichala apangana kuti akuzunzeni. Sanapangane. Kalendala imene ikuwathamangitsa ndi imodzi.

Chokoma n'chakuti mulu umenewu umaonekera patali. Sabata yoyamba amakupatsani course outline, kapepala kamene ambiri amakapinda n'kukaponya pansi pa chikwama. Tengani timapepala tonse, mugule kabuku kotchipa, mulembe masiku onse operekera ntchito pa tsamba limodzi, kuyambira loyandikira mpaka lakutali. Mudzaona ndi maso anu kuti pali sabata ina imene ili ndi ntchito 4, ndipo yoitsogolera ilibe kanthu. Sabata yopanda kanthuyo si ya tchuthi, ndi yolembera ziwiri mwa zija. Pamene tsiku silinalembedwe, funsani. Malekichala ambiri akafunsidwa mwaulemu amanena ndithu kuti ntchito yakuti idzabwera cha ku sabata yakuti.

Mwina wina ati, asayimenti imodzi ili ndi kanthu ngati, ndidzakoka pa mayeso. Tamverani. M'makosi ambiri malikisi a m'kati mwa semesita, amene mumawatcha CA, amatenga gawo lalikulu, kwina 40 pa 100, kwina theka lenileni. Tiyerekeze kuti CA ndi 40, mayeso ndi 60, ndipo pokhozera ndi pa 50. Amene walowa m'chipinda cha mayeso ali ndi 30 akungofuna 20 mwa 60 kuti awoloke. Amene walowa ndi 12, chifukwa ntchito ina anapereka mochedwa ndipo ina anailemba usiku umodzi, akufuna 38 mwa 60, pa pepala limene sakudziwa kuti lifunsa chiyani. Sapu, mayeso obwereza aja, imayambira pamenepo, miyezi iwiri mayeso asanafike. Kubwereza kosi kumayambiranso pomwepo, kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu kuja, chimodzimodzi. Malikisi a asayimenti ndiwo otchipa kuposa onse, chifukwa mumalemba mabuku ali chotsegula, anzanu ali pafupi, ndipo amene wafunsa funsolo ali mu ofesi mwake.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani yanga. Nthawi yanu yambiri sithawa usiku, imathawa masana, pakati pa kalasi ina ndi ina. Kalasi yatha 10 koloko, ina ili 2 koloko. Mumatani? Mumati ndikapumeko kaye kuchipinda. Mwayenda mtunda, mwafika, mwapeza mesho wanu akuonera filimu pa laputopu, mwakhala m'mphepete mwa bedi kuti muoneko pang'ono. Kenako mwasonkha moto pambaula, nyemba sizipsa msanga, mwadya, tulo tabwera ndi kutentha kwa malata. Podzidzimuka ndi hafu 1, muyambe kuthamanga. Maola 4 apita osatsegula buku, koma madzulo mukumva kutopa ngati munagwira ntchito, chifukwa tsiku lonse munali pa sukulu. Mukaphatikiza mipata yotereyi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ambiri mudzapeza maola oposa 10. Amenewo ndi asayimenti yathunthu sabata iliyonse.

Ndipo maola a masanawa ndi onona kuposa a usiku. Kuwala n'kwa dzuwa, sikudikira magetsi. Laibulale ndi yotsegula. Intaneti ya pa sukulu, ingakhale yoyenda ngati kamba nthawi zina, sikudyerani bandulo. Lekichala ali mu ofesi, mnzanu amene anamvetsa phunzirolo ali pomwepo pabenchi. Usiku kuchipinda zonsezi kulibe, kuli udzudzu ndi wailesi ya a neba. Ndiye malangizo anga ndi osavuta kunena ngakhale ndi olemera kuwatsata: mukatuluka m'mawa, musabwerere kuchipinda mpaka madzulo. Phikirani ndiwo usiku, nyamulani mbatata kapena chimene muli nacho m'kontena, botolo la madzi m'chikwama. Muzitenga sukulu ngati ntchito yolembedwa, yolowa 8 koloko n'kuweruka 5 koloko. Amene amachita zimenezi mudzawaona madzulo ali ku mpira kapena ku kwaya, inu n'kumadabwa kuti amawerenga nthawi yanji.

Asayimenti iyambidwe tsiku limene yaperekedwa. Sindikuti muilembe yonse. Ndikuti tsiku lomwelo muwerenge funsolo kawiri katatu, mulilembe m'mawu anuanu, ndipo ngati simukutha kulinena m'Chichewa kwa mnzanu, ndiye kuti simunalimve, kafunseni. Mukatero pitani ku laibulale mukaone buku. Mabuku m'makoleji mwathu ndi ochepa. Kalasi ya anthu 200 imatha kulimbirana makope owerengeka, ena a pa reserve oti mubwereke maola ochepa n'kubweza, ndipo a ku Mzuzu University anaona zowawa zenizeni laibulale yawo itapsa mu Disembala 2015. Wofika tsiku loyamba amalipeza buku lili pa shelefu. Wofika kutatsala masiku awiri amapeza mzere, kapena amamva kuti wina analibisa pakati pa mabuku a phunziro lina kuti azilipeza yekha, khalidwe loipa limene silinathe mpaka lero. Palinso phindu lina. Funso limene mwaliwerenga msanga limayenda nanu. Mukakhala m'kalasi mumamva lekichala akutchula mfundo n'kuzindikira kuti iyi ndi ya asayimenti ija. Nonse amene munagwirapo khasu mukudziwa kuti udzu ukangomera umapaliridwa ndi khasu lopepuka m'mawa umodzi, koma ukafika m'mawondo umafuna aganyu, ndipo chimanga chimakhala chitafiira kale.

Akulu anati tsiku limodzi siliwoza mbewa, ndipo ana a sukulu mwambi umenewu amaukonda kwambiri. Koma akulu omwewo anatinso zengerezu adalinda kwawukwawu. Chimene chimakuzengerezetsani nthawi zambiri si ulesi, ndi mantha. Ntchito ikuoneka yaikulu, simukudziwa poyambira, ndiye mumapeza kuti zovala zikufunika kuchapa. Mankhwala ake ndi kuidula. M'kabuku kanu musalembe kuti "kulemba asayimenti ya History," chifukwa palibe munthu amene angachite zimenezo pa ola limodzi. Lembani kuti "kupeza mabuku 2," mawa "kulemba mitu ya ndime," mkuja "ndime 3 zoyamba." Ndipo polemba koyamba musadzivute ndi Chingerezi chokongola. Lembani zokhotakhota zomwezo, mudzawongola. Kukonza tsamba lolembedwa moipa n'kosavuta kuposa kuyang'anizana ndi pepala loyera.

Za timetable ya pakhoma ija, yojambulidwa ndi mapeni a mitundumitundu, yonena kuti 4 koloko m'mawa Maths, 5 koloko Chemistry, ine ndilibe nayo chikhulupiriro. Imafa Lachitatu, ndipo mwini wake akaona kuti waphonya kawiri amangoti basi ine sindingathe. Bola Lamulungu madzulo mutenge kabuku kaja, muone zimene zikubwera masabata awiri akutsogolo, musankhe zoti zithe sabata ino, ndipo usiku uliwonse mulembe zinthu ziwiri kapena zitatu za mawa.

Tsiku limene lekichala wanena si tsiku lanu lomalizira. Lanu likhale masiku atatu m'mbuyo mwake, chifukwa dziko lathu mukulidziwa. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makinawo asanayambenso kugwira ntchito. Ophunzira a nthawi imeneyo angakuuzeni mmene ankasakira potchajira. Ngakhale chaka chabwino, magetsi amatha kuzima usiku womwewo umene mumaudalira. Laputopu imene munabwereka mwini wake amaifuna, pakuti nayenso ali ndi asayimenti yomweyo. Flash imagwidwa ndi vairasi pa kompyuta ya kopulintira. Kopulintira komweko, m'mawa wa tsiku lopereka, mzere umafika panja, inki n'kutha anthu atatu patsogolo panu. Ngati ndi yotumiza pa intaneti, aliyense amatumiza ola lomaliza ndipo netiweki imakana. Zonsezi si tsoka, ndi zinthu zodziwika, ndipo lekichala anazimva kambirimbiri moti sizimugwiranso mtima. Muziwerengeretu. Ndiponso mukamaliza kulemba tsiku lililonse, dzitumizireni ntchitoyo pa imelo kapena muiike pa Google Drive. Malaputopu amabedwa m'zipinda za lendi, ndipo wakuba sabweza chaputala.

Kuchezera usiku wonse, kumene mumati cross, ndi chinyengo chimene ana a sukulu amanyadira. Wina amaviika miyendo m'beseni la madzi ozizira, wina amamwa khofi wopanda shuga kapena zakumwa zopatsa mphamvu zija, m'mawa n'kumayenda monyang'wa maso ali psuu ngati wachita chamuna. Werengani zimene walemba cha m'ma 3 koloko usiku, mudzamumvera chisoni. Ubongo umasunga zimene mwaphunzira pamene mukugona, ndiye amene sagona amataya zimene amati akusonkhanitsa. Kuonjezera apo tsiku lotsatiralo limafa lonse, makalasi ake amangowodzera, ndipo ngongole ya ntchito imakula. Kamodzi pa semesita zitha kuchitika, sindine mwana. Koma ikakhala njira yanu ya masiku onse, dziwani kuti masana anu akudyedwa penapake.

Foni sindiinyoza, poti uthenga wa kalasi umabwera pa gulu la WhatsApp ndipo manotsi ambiri mumawerengera momwemo. Koma pamene mukulemba izikhala m'chikwama, data yozimitsa, kwa mphindi 40 kapena ola, kenako muione. Mpira nawonso onerani, ine ndemwe Bullets ikamakumana ndi Wanderers sindifuna wondiyankhula. Koma sankhani gemu imodzi. Loweruka mpira wa ku England umayamba masana n'kutha usiku, Lamulungu chimodzimodzi, pakati pa sabata Champions League. Za kubetcha ndingoti zimadya ziwiri nthawi imodzi, ndalama ya upkeep ndi mtima, pakuti munthu amene waika tikiti sangawerenge tsamba n'kulimva.

Chovuta kwambiri kwa ife si foni koma anthu, chifukwa tinaleredwa kuti munthu sakanidwa. Ku gulu la mapemphero la SCOM akufuna mlembi, ku kwaya kuli kukonzekera, msuweni akukwatira ndipo akuikani mu komiti, mnzanu wabwera kudzacheza ndipo kumuuza kuti ndikuwerenga kukuoneka ngati mwano. Zonsezi ndi zabwino, ndipo mwana amene amangodziwa buku lokha ndimamudera nkhawa. Koma mapanga awiri avumbwitsa, nanji asanu. Sankhani gulu limodzi loti mudzipereke, kwinako muzingosonkhana nawo. Phunzirani kukana kwaulemu, kumene kumapereka tsiku lina: pepani, sabata ino ndapanikizika, Loweruka likubwerali ndidzakhalapo. Maliro ndi nkhani ina. A kholo, a m'bale wanu wa bere limodzi, a agogo amene anakulerani, nyamukani, koma musananyamuke dziwitsani lekichala kapena mkulu wa dipatimenti, ndi kalata kapena uthenga wolembedwa, kuti pobwera mukhale ndi poyambira. Maliro ena onse a m'mudzi, imbani foni, tumizani chipepeso ngati muli nacho, mudzakagwada pa tchuthi. Achibale amene anasonkha ndalama ya fizi yanu adzamvetsa.

Inu ana aakazi amene mukukhala kwa achibale m'tauni, ndikudziwa kuti mtolo wanu ndi wina. Mnyamata akaweruka amatsegula buku, inu mumapeza mbale, ana oti asambitsidwe ndi nsima ya anthu 8. Musanyanyale, ndiponso musangovutika chamumtima. Khalani pansi ndi achibale anuwo tsiku limene mitima ili bwino, muwaonetse tsamba la masiku lija, muwauze kuti sabata yakuti ndi yakuti ndidzapanikizika, ndiloleni ndizichapa Loweruka ndi kuphika m'mawa, madzulo ndizitsalira ku laibulale. Akulu ambiri sakana akaona zolembedwa, chimene amadana nacho ndi kuzemba. Chimodzimodzi inu amene mukuchita geni kuti mupeze ya lendi, kaya ndi kaunjika, mandasi, kuluka tsitsi kapena kuphunzitsa ana a Fomu 4. Sindingakuuzeni kuti musiye, njala siwerenga. Koma geniyo ikhale ndi maola ake odziwika, makasitomala awazolowere, isamalowe paliponse pamene foni yalira.

Ntchito za pagulu ndi pamene nthawi imafera popanda mwini. Anthu 8, aliyense akudikira kuti wina aitanitse msonkhano, mpaka kutsala masiku awiri, kenako mmodzi amalemba yonse usiku ena n'kungobweretsa maina ndi ndalama yopulintira. Kumanani tsiku lomwelo musanabalalike pakhomo la kalasi, gawanani zigawo, lembani pa gulu kuti uje atenga chakuti, ndipo tsiku lophatikiza likhale sabata yathunthu lisanafike la lekichala, chifukwa zolemba za anthu 8 sizilumikizana zokha. Amene sanabweretse gawo lake auzidwe poyera nthawi ikadalipo.

Nanga zikakanika ndithu, mwadwala malungo kapena mwangochedwa? Pitani kwa lekichala tsiku lisanafike, osati litadutsa, mutanyamula zimene mwalembako ndi kabuku ka kuchipatala ngati munadwala. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Wobwera Lachiwiri kudzapempha masiku awiri amamvedwa mosiyana ndi wobwera Lolemba linalo ndi nkhani yaitali. Akakana, perekani zimene muli nazo, theka la malikisi liposa ziro. Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga ntchito ya mnzanu n'kusintha dzina ndi mawu awiri atatu, kapena kuuza ChatGPT kuti ikulembereni inu n'kungopulinta. Pali mapulogalamu ngati Turnitin amene amafananitsa zolemba, komanso lekichala amene wachonga mapepala zaka zambiri amadziwa Chingerezi cha mwana wa chaka choyamba. ChatGPT ija imathanso kupeka mabuku amene kulibe, ndi maina a alembi ake omwe, ndipo mlandu wa kubera umatha kuchotsetsa munthu sukulu. Ngakhale osagwidwa, pa mayeso mudzakhala nokha ndi mutu umene simunauwerenge. Ndinenenso ichi, ngakhale n'chowawa. Kuchedwa kumakuikani pa malo opempha, ndipo si onse opemphedwa amene ali ndi umunthu. Wina akayamba kukuuzani kuti nkhani ya malikisi mukaikambirane kumalo ena madzulo, sungani mauthengawo ndipo kanene kwa oyang'anira ophunzira.

Inu a chaka chomaliza, pulojekiti yanu ilibe ngakhale kabelu kakang'ono ka Lachisanu pa 14, ndiye ndi imene imagwetsa anthu amene anadutsa zaka zitatu bwinobwino. Imaoneka ya kutali mpaka mwezi womaliza. Kumbukirani kuti nthawi yake si yanu nokha. Kalata yokulolezani kukafunsa anthu imatenga masiku, kwina kafukufuku amayamba wadutsa ku komiti yoona za chilolezo, anthu oti muwafunse amakhala ali kumunda kapena ku msonkhano, ndipo mvula ikagwa misewu ina siipitika. Supavaiza wanu ali ndi ophunzira ena ambiri, makalasi ake ndi maulendo ake, ndipo onse amamubweretsera machaputala sabata imodzi yomweyo. Amene wapereka chaputala choyamba mwezi woyamba amawerengeredwa mofatsa, mzere ndi mzere. Pa kukumana kwanu koyamba afunseni kuti amafuna masiku angati kuti awerenge chaputala chimodzi, ndiponso ndi miyezi iti imene sadzakhalapo, ndipo masiku amenewo muwachotseretu m'kabuku kanu musanayambe kugawa otsalawo.